Kuyeza magazi kwa ANA pofufuza matenda a lupus: zimene kumaulula ndi zimene sikuulula

Kuyeza magazi kotchedwa ANA ndi imodzi mwa njira zimene madokotala amagwiritsa ntchito pofufuza matenda amene amabwera pamene chitetezo cha m'thupi chayamba kulimbana ndi thupi la mwini wake. Odziwika kwambiri mwa matenda amenewa ndi lupus, amene amakonda kugwira amayi ndi atsikana a msinkhu wobereka.

Ngakhale kuyezaku n'kofunika, pakokha sikunena kuti munthu ali ndi lupus. Anthu ambiri athanzi amapezeka ndi ANA m'magazi mwawo koma sadwala n'komwe, ndipo matenda ofala m'dziko muno monga malungo ndi chifuwa chachikulu nawonso angathe kuchititsa kuti ANA ioneke. Kaamba ka ichi, zotsatira zake zimakhala ndi tanthauzo pokhapokha dokotala akaziika pamodzi ndi zizindikiro zimene waziona pa wodwala.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri madera akumidzi monga Lizulu m'boma la Ntcheu, kumene wodwala amayamba waonedwa pa chipatala chaching'ono asanatumizidwe ku chipatala cha boma. Lizulu ali m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza, m'malire a dziko lino ndi boma la Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndi malo otchuka ndi msika wa mbatata ya kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi. Amayi ambiri a m'derali amakhala padzuwa tsiku lonse, kumunda kapena pamsika, pomwe m'miyezi ya June ndi July kumazizira kwambiri. Dzuwa ndi kuzizira ndi zinthu ziwiri zimene zimaonetsa poyera zizindikiro za ena mwa matendawa.

Chitetezo chikatembenukira mwini wake

Thupi la munthu likalowedwa ndi tizilombo toyambitsa matenda, chitetezo chake chimapanga tizida tapadera totchedwa ma antibody, timene timayenda m'magazi n'kukakamira pa tizilomboto kuti tiphedwe. Umu ndi momwenso katemera amagwirira ntchito, popeza amaphunzitsa thupi kupanga ma antibody matenda asanafike.

Mwa anthu ena chitetezo chimasokonekera n'kuyamba kupanga ma antibody olimbana ndi ziwalo za thupi lomwelo. Thupi linapangidwa ndi timagawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo pakati pa selo pamakhala phata limene limasunga DNA, yomwe ndi malangizo a chibadwa cha munthu. Ma antibody amene amakakamira pa zinthu za m'phata limeneli ndiwo amatchedwa antinuclear antibodies, mwachidule ANA.

Matenda otere ndi osiyana kotheratu ndi Edzi. Kachilombo ka HIV kamafooketsa chitetezo, pomwe pa lupus chitetezo chimachita kulusa molakwika. Komabe popeza wodwala lupus amatha kuonda, kuthothoka tsitsi, kutuluka zilonda m'kamwa ndi kumva kutentha thupi kawirikawiri, anthu amafulumira kumuganizira za Edzi, ndipo akayezedwa n'kupezeka alibe kachilomboka, achibale ena amathamangira kunena kuti walodzedwa. Matendawa sapatsirana mwa njira ina iliyonse, kaya pogonana, podyera limodzi kapena posamalira wodwala.

Matenda amene ANA imathandiza kufufuza

Achipatala amaika matendawa m'gulu limodzi chifukwa onse amakhudza minofu imene imalumikiza ndi kuchirikiza ziwalo, monga ya pakhungu, ya m'molumikizana mafupa ndi ya mitsempha ya magazi.

Oyamba ndi lupus, amene dzina lake lonse ndi systemic lupus erythematosus. Mawu akuti lupus ndi a Chilatini ndipo amatanthauza mmbulu. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 amakhala aakazi, ndipo ambiri amayamba kudwala ali ndi zaka za pakati pa 15 ndi 45. Zizindikiro zake ndi monga kuphwanya ndi kutupa kwa mfundo za zala ndi m'mikono, kutopa kosatha, kutentha thupi popanda malungo, kuthothoka tsitsi, zilonda za m'kamwa, kupweteka pachifuwa popuma, kuchepa kwa magazi komanso zidzolo zimene zimakula munthu akakhala padzuwa. Mabuku ambiri amafotokoza za zidzolo zofiira za m'masaya zooneka ngati gulugufe, koma pa khungu lakuda zidzolozi zimaoneka zoderako kuposa khungu lonse, ndipo zina zikapola zimasiya zipsera zoyera kumaso, m'makutu kapena pamutu pomwe tsitsi silimeranso. Choopsa kwambiri n'chakuti lupus imaononga impso mwakachetechete, ndipo vutoli limagwira odwala ofika pafupifupi theka.

Achiwiri ndi scleroderma, amene amalimbitsa khungu la zala, mikono ndi nkhope mpaka munthu kulephera kufumbata kapena kuyasamula bwino, ndipo amathanso kuononga mapapo ndi kummero. Kawirikawiri amayamba ndi vuto limene dokotala wa ku France, Maurice Raynaud, analifotokoza m'chaka cha 1862, pomwe zala zimayera, kenako kuda, n'kuchita dzanzi ndi kupweteka munthu akagwira madzi ozizira kapena akakhala pamphepo. Vutoli palokha limapezekanso mwa anthu ambiri opanda matenda ena alionse, koma likayamba munthu atakula kale, kapena likamabwera ndi zilonda kunsonga kwa zala, liyenera kufufuzidwa.

Achitatu ndi matenda a Sjögren, amene anatchedwa dzina la dokotala wa maso wa ku Sweden, Henrik Sjögren, yemwe anawafotokoza m'chaka cha 1933. Amaumitsa maso ndi m'kamwa, kotero kuti wodwala amavutika kumeza nsima popanda madzi ndipo mano ake amabowoka msanga.

Palinso matenda otupitsa minofu, amene amachititsa munthu kulephera kudzuka pansi, kukwera chitunda kapena kukweza manja kuti asenze mtolo, komanso mtundu wina umene umasakaniza zizindikiro za matenda angapo nthawi imodzi, womwe Gordon Sharp ndi anzake anaufotokoza ku America m'chaka cha 1972.

Nyamakazi yopunditsa zala yotchedwa rheumatoid arthritis ili pafupi ndi gulu limeneli, koma ili ndi njira zake zoyezera, zomwe ndi rheumatoid factor ndi anti-CCP. ANA si njira yofufuzira nyamakazi imeneyi, ndiponso si njira yofufuzira kupweteka kwa msana kapena maondo kobwera ndi ukalamba ndi ntchito zolemetsa.

Mbiri ya kuyezaku

Chiyambi cha kuyezaku chinali m'chaka cha 1948 pamene Malcolm Hargraves wa ku chipatala cha Mayo Clinic ku America anaona selo lachilendo m'mafuta a m'mafupa a odwala lupus. Linali selo loyera la magazi limene linameza phata la selo linzake, ndipo analitcha LE cell. Kwa zaka zambiri kufufuza selo limeneli inali njira yaikulu yotsimikizira lupus, ngakhale inali yotenga nthawi komanso yophonya odwala ambiri.

M'chaka cha 1957 George Friou wa ku America anaonetsa kuti ma antibody amenewa angathe kuoneka pogwiritsa ntchito utoto wowala pansi pa maikulosikopu, njira imene Albert Coons anaiyambitsa m'chaka cha 1941. Poyamba ankagwiritsa ntchito tizidutswa ta chiwindi kapena impso za makoswe, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1970 malabotale anayamba kugwiritsa ntchito maselo a munthu oweteredwa m'labotale otchedwa HEp-2, amene phata lake ndi lalikulu ndipo limaoneka bwino. M'chaka cha 2009 bungwe la madokotala a nyamakazi ku America la American College of Rheumatology linanena kuti njira imeneyi ndiyo muyezo umene njira zina zonse ziyenera kufanizidwa nawo.

Momwe kuyezaku kumachitikira

Magazi amatengedwa pamkono monga mwa nthawi zonse, ndipo wodwala safunika kusala chakudya. Ku labotale magaziwo amazunguzidwa m'makina kuti madzi ake achikasu apatukane ndi maselo. Madzi amenewa ndiwo amayezedwa, ndipo angathe kusungidwa m'firiji kwa masiku ochepa kapena kuumitsidwa ngati ulendo wopita ku labotale yaikulu uli wautali.

Woyeza amasungunula madziwo n'kuwadonthezera pa kagalasi kamene pamatidwa maselo a HEp-2. Ngati muli ANA, imakakamira pa phata la maselowo. Kagalasiko kamatsukidwa, kenako amathirapo mankhwala okhala ndi utoto wowala amene amakagwira pomwe pali ma antibody a munthu. Akakaika pa maikulosikopu yapadera m'chipinda cha mdima, phata la selo limawala mobiriwira ngati ANA ilipo, ndipo limakhala lakuda ngati palibe.

Malabotale ena amagwiritsa ntchito makina a njira yotchedwa ELISA kapena zofanana nayo. Njirazi n'zachangu ndipo zimayeza magazi a anthu ambiri nthawi imodzi, koma zimangopeza ma antibody okhawo amene opanga mankhwala oyezerawo anawakonzera, kotero zingathe kuphonya ena. N'chifukwa chake pepala la zotsatira liyenera kunena njira imene yagwiritsidwa ntchito.

Kumasulira manambala a pa zotsatira

Pepala la zotsatira limakhala ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi nambala yolembedwa monga 1:40, 1:80, 1:160, 1:320 mpaka kupitirira 1:1280. Nambalayi imasonyeza kuchuluka kwa kusungunula kumene kunachitika kuwala kusanazimiririke. Zili ngati Sobo, amene akakhala wamphamvu mtundu wake umaonekabe ngakhale athiremo madzi ambiri. Choncho 1:40 ikutanthauza kuti ma antibody ndi ochepa, pomwe 1:640 ikutanthauza kuti ndi ochuluka.

Kafukufuku amene Eng Tan ndi akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anasindikiza m'chaka cha 1997 anaonetsa kukula kwa vuto lomasulira manambala otsika. Mwa anthu athanzi 100 alionse, pafupifupi 32 anapezeka ndi ANA pa 1:40, pafupifupi 13 pa 1:80, asanu pa 1:160, ndipo atatu okha pa 1:320. Kunena kwina, anthu 100 opanda vuto lililonse atatengedwa pa msika n'kukayezedwa, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse angauzidwe kuti ANA yapezeka pa muyezo wotsikitsitsa, chonsecho lupus ndi matenda osowa. ANA imapezekanso kwambiri mwa amayi, okalamba komanso achibale a odwala, ngakhale iwo eni ali bwinobwino.

Mphamvu yeniyeni ya kuyezaku ili mbali inayo. Odwala lupus oposa 95 mwa 100 alionse amapezeka ndi ANA, kotero ikapanda kupezeka pa njira ya HEp-2, mwayi woti munthuyo ali ndi lupus umakhala wochepa kwambiri ndipo dokotala amayang'ana kwina. Potsatira izi, ndondomeko imene mabungwe a madokotala a nyamakazi a ku Ulaya ndi ku America anagwirizana m'chaka cha 2019 inaika ANA ya 1:80 kapena kuposa ngati khomo lolowera. Amene wadutsa pakhomopo amawerengeredwa mapointi malinga ndi zizindikiro za pakhungu, mfundo, impso, magazi, ubongo ndi zina, ndipo amafunika kufika mapointi 10. Ndondomekoyi inakonzedwa makamaka pofuna kusankha odwala olowa m'kafukufuku, choncho siilowa m'malo mwa nzeru za dokotala amene wamuona wodwalayo.

Chachiwiri pa pepalalo ndi maonekedwe a kuwalako. Phata lingathe kuwala lonse mofanana, zomwe zimaoneka kawirikawiri pa lupus. Lingathe kuwala mwa timadonthomadontho, kapena kuwala m'timibulu tochepa ta mkati mwake, kapenanso kukhala ndi timadontho towerengeka tomwazikana bwino, ndipo mitundu iwiri yotsirizayi imaloza ku scleroderma. Kuyambira m'chaka cha 2014, pamene akatswiri anakumana mu mzinda wa São Paulo ku Brazil, pakhala ndondomeko ya dziko lonse yotchedwa ICAP imene inapereka dzina ndi nambala ku maonekedwe alionse pofuna kuti malabotale azilemba mofanana.

Chinthu china chimene chinadziwika n'chakuti ma antibody amenewa amatha kuoneka zaka zingapo munthu asanadwale. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2003, pogwiritsa ntchito magazi osungidwa a asilikali 130 a ku America amene pambuyo pake anadwala lupus, anapeza kuti 88 mwa 100 alionse anali kale ndi ma antibody otere matendawa asanatsimikizidwe. Komabe ambiri mwa anthu opezeka ndi ANA sadzadwala, ndipo palibe mankhwala amene amaperekedwa pochiza nambala ya pa pepala.

Zimene zimasokoneza zotsatira m'dziko muno

Matenda amene amatakasa chitetezo kwa nthawi yaitali amachititsa kuti thupi lipange ma antibody osiyanasiyana, kuphatikizapo ANA. Mwa matendawa muli malungo, chifuwa chachikulu, HIV ndi matenda a chiwindi. Matenda a chithokomiro ndi khansa zina amachitanso chimodzimodzi. Wodwala amene akutentha thupi, akuonda ndipo ali ndi madzi m'chifuwa ayenera kufufuzidwa kaye chifuwa chachikulu ndi HIV, chifukwa kumupatsa mankhwala ochepetsa chitetezo pomwe vuto lake ndi TB kungathe kumuphetsa.

Mankhwala ena nawonso amabweretsa ANA, ndipo mwa anthu ochepa amayambitsa zizindikiro zonga za lupus zimene zimatha mankhwalawo akasiyidwa. Mwa mankhwalawa muli isoniazid, amene amaperekedwa pochiza ndi popewa chifuwa chachikulu, komanso hydralazine ndi methyldopa, amene amaperekedwa pa vuto la kuthamanga kwa magazi. Wodwala sayenera kusiya yekha mankhwala amenewa, koma dokotala wopempha ANA ayenera kulemba pa fomu mankhwala onse amene wodwalayo akumwa.

Kusokonezaku kumachitikanso mbali inayo. Magazi a odwala lupus ena amaonetsa ngati ali ndi chindoko pa njira zoyezera za VDRL ndi RPR pomwe alibe matendawo, nkhani imene ingathe kubweretsa mkangano waukulu m'banja ngati sinafotokozedwe bwino.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankakhulupirira kuti lupus ndi yosowa mu Africa. M'chaka cha 1968 Brian Greenwood, yemwe ankagwira ntchito ku Ibadan m'dziko la Nigeria, analemba kuti mwina malungo ndi tizilombo tina timateteza anthu ku matenda a mtunduwu. Koma malipoti amene atuluka pambuyo pake kuchokera ku South Africa, Nigeria, Kenya ndi maiko ena aonetsa kuti odwala alipo, ndipo amapezeka kulikonse kumene kuli madokotala ndi zipangizo zowafufuzira. Malipoti a ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto anaonetsa kuti odwala ambiri amene anamwalira anafa ndi matenda opatsirana komanso kufa kwa impso. N'zodziwikanso kuti ku America ndi ku Britain lupus imagwira kwambiri anthu akuda kuposa azungu, ndipo imawaonongera impso msanga.

Kuyeza kotsatira ANA ikapezeka

ANA ikapezeka mwa munthu amene ali ndi zizindikiro, dokotala amapempha kuyeza kwachiwiri pofuna kudziwa chinthu chenicheni cha m'phata chimene ma antibody akulimbana nacho.

Anti-dsDNA ndi anti-Sm amaloza ku lupus, ndipo sapezeka kawirikawiri mwa anthu opanda matendawa. Anti-Ro ndi anti-La amapezeka pa matenda a Sjögren komanso pa lupus. Anti-Scl-70 amaloza ku scleroderma imene imakonda kuononga mapapo, pomwe anti-centromere amaloza ku mtundu umene umakhudza kwambiri zala ndi nkhope. Anti-Jo-1 amapezeka pa matenda otupitsa minofu, anti-RNP pa matenda osakanikirana aja, ndipo anti-histone amapezeka kwambiri pa lupus yobwera ndi mankhwala.

M'chaka cha 2013 bungwe la American College of Rheumatology linalangiza madokotala kuti asamapemphe kuyeza kwachiwiriku ngati ANA sinapezeke ndipo palibe zizindikiro zomveka. ANA ikapezeka kamodzi sipafunikanso kuibwereza, chifukwa nambala yake siikwera kapena kutsika motsatira kukula kwa matenda. Zimene zimathandiza kulondoloza wodwala lupus ndi kuyeza mkodzo, magazi, mphamvu ya impso, anti-dsDNA komanso mapuloteni a m'magazi otchedwa C3 ndi C4, amene amatsika matenda akalusa.

Njira ya wodwala wochokera ku Lizulu

Kuyeza ANA kumafuna maikulosikopu yapadera, mankhwala oitanitsa kunja osungidwa mozizira, magetsi odalirika komanso katswiri wozolowera kuwerenga maonekedwe a kuwala. Ntchito yotere ndi ya malabotale akuluakulu, osati ya chipatala chaching'ono cha kumudzi. Ntchito ya chipatala chaching'ono ndi kuzindikira wodwala woyenera kutumizidwa, ndipo zipangizo zofunika pa ntchito imeneyi n'zotsika mtengo.

Mwachitsanzo, mayi wachitsikana amene wabwera kangapo ndi kutentha thupi ndi kuphwanya kwa mfundo, koma malungo sakupezeka ndipo HIV alibe, ayenera kuyang'anidwa khungu, pamutu, m'kamwa ndi zala, kupimidwa kuthamanga kwa magazi ndi kuyezedwa mkodzo ndi kapepala koviika. Mapuloteni kapena magazi mu mkodzo, mkodzo wa thovu, kutupa kwa miyendo ndi kumaso, kupuma movutikira, kukomoka kapena kusokonezeka mutu ndi zizindikiro zofunika kutumiza wodwala mwachangu popanda kudikira china chilichonse.

Kuchoka ku Lizulu wodwala amapita ku chipatala cha boma cha Ntcheu, kumene angathe kuwerengedwa maselo a magazi ndi kufufuzidwa chifuwa chachikulu. Kuchepa kwa maselo oyera kapena kwa timaselo toumitsa magazi kumalimbitsa chikayikiro cha lupus. Akafunika akatswiri amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth Central ku Blantyre, komwe kulinso makina otsuka magazi a anthu amene impso zawo zasiya kugwira ntchito. Cholinga cha kuzindikira matendawa msanga n'chakuti wodwala asafike pofuna makina amenewa.

Kabuku ka kuchipatala n'kofunika kwambiri pa matendawa, chifukwa zizindikiro za lupus sizibwera nthawi imodzi. Zidzolo zingaoneke chaka chino, kutupa kwa mfundo chaka chamawa, ndipo vuto la impso pambuyo pake. Wodwala amene amagula kabuku katsopano ulendo ulionse, kapena amene amalandira chithandizo mbali zonse ziwiri za malire popanda kusunga zolembedwa, amataya mbiri imene ikanathandiza dokotala kulumikiza zizindikirozo.

Amayi oyembekezera ndi amene anagwira ntchito ku migodi

Magulu awiri a anthu amafunika chidwi chapadera. Loyamba ndi amayi amene amapita padera mobwerezabwereza, amene ana awo amafera m'mimba, kapena amene magazi anawaundanapo m'mwendo popanda chifukwa chodziwika. Ena mwa iwo amakhala ndi ma antibody otchedwa antiphospholipid, amene amayezedwa paokha mosiyana ndi ANA, ndipo chithandizo chake chilipo. Mayi amene ali ndi anti-Ro amafunika kuyang'aniridwa mwapadera ku sikelo, popeza mwa makanda 100 alionse obadwa kwa amayi otere, mmodzi kapena awiri amabadwa ndi mtima wogunda pang'onopang'ono. Amayi odwala lupus amabereka, koma amalangizidwa kutenga pathupi matenda atakhala chete kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndiponso atakambirana ndi dokotala za mankhwala amene akumwa, chifukwa ena monga methotrexate ndi cyclophosphamide amaononga mwana wosabadwa.

Lachiwiri ndi abambo amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa, kumene Amalawi ambiri ankapita kudzera ku Wenela ndipo kenako TEBA mpaka kulemba anthu kunaima m'chaka cha 1988. M'chaka cha 1957 dokotala wa ku South Africa, L. D. Erasmus, anafotokoza za kuchuluka kwa scleroderma pakati pa anthu okumba golide ku Witwatersrand, ndipo lero n'zodziwika kuti fumbi la miyala limaonjezera chiopsezo cha matendawa. Munthu amene khungu la zala zake likulimba ndipo akupuma movutikira ayenera kufunsidwa ngati anagwirapo ntchito m'migodi kapena yoswa miyala.

Chithandizo

Lupus siichizika kotheratu koma imagonja ku mankhwala. M'zaka za m'ma 1950 pafupifupi theka la odwala linkamwalira pasanathe zaka zisanu, pomwe lero m'maiko amene chithandizo chimapezeka msanga odwala oposa 90 mwa 100 alionse amapyola zaka zimenezi, ndipo ambiri amagwira ntchito zawo monga wina aliyense.

Mankhwala amene pafupifupi wodwala aliyense amapatsidwa ndi hydroxychloroquine, amene ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO. Mankhwalawa ndi a banja limodzi ndi chloroquine, amene dziko la Malawi linasiya kugwiritsa ntchito pochiza malungo m'chaka cha 1993 n'kuyamba SP, lisanasinthenso kupita ku LA m'chaka cha 2007. Pa lupus amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, amaloledwa ngakhale kwa mayi woyembekezera, ndipo womwa amafunika kupimidwa maso nthawi ndi nthawi.

Matenda akalusa dokotala amapereka prednisolone, ndipo impso kapena ubongo zikakhudzidwa amaonjezera mankhwala amphamvu ochepetsa chitetezo. Prednisolone sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo akamwedwa nthawi yaitali popanda uphungu amabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi, kufooka kwa mafupa ndi matenda opatsirana. Mankhwala opha ululu ogula m'magolosale ndi m'misika monga Brufen ndi Indocid amaonjezera kuonongeka kwa impso zodwala kale. Wodwala amene amagwira ntchito padzuwa amalangizidwa kuvala chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali, pomwe amene zala zake zimavutika ndi kuzizira ayenera kuzifunditsa ndi kupewa fodya.

Zofunika kwa adindo

Kwa oyendetsa ntchito za umoyo m'maboma, ndalama zochepa zimene zilipo zimapindula kwambiri zikagwiritsidwa ntchito poonetsetsa kuti zipatala zing'onozing'ono zili ndi timapepala toyezera mkodzo ndi makina opimira kuthamanga kwa magazi, ndiponso kuti anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo akudziwa maonekedwe a matendawa pa khungu lakuda. Kuyeza ANA kwa anthu ambirimbiri opanda zizindikiro, monga pa misonkhano yopima thanzi la ogwira ntchito, kumangobala mantha ndi maulendo opanda phindu opita ku zipatala zazikulu.

Pamene kuyezaku kwafunikadi, pamafunika dongosolo lomveka lotumizira magazi ali ozizira, fomu yolembedwa zizindikiro ndi mankhwala a wodwala, komanso njira yoti zotsatira zibwerere kwa dokotala amene anazipempha. Wodwala akatsimikizidwa, mankhwala ake ayenera kupezeka pafupi ndi kwawo mwezi ndi mwezi, chifukwa kudukiza ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadzutsa matendawa.

Akuluakulu a m'maofesi ndi m'sukulu akuyenera kudziwa kuti lupus imalusa ndi kukhala chete mosinthanasinthana, kotero wogwira ntchito angathe kuoneka wathanzi sabata ino n'kulephera kudzuka sabata yamawa popanda chinyengo chilichonse. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo nawo ali ndi udindo wolimbikitsa mabanja kupita ndi wodwala kuchipatala msanga ndi kuletsa mchitidwe wolozana zala pa nkhani za ufiti.

Tsiku lokumbukira matenda a lupus pa dziko lonse limakhala pa 10 May chaka chilichonse, ndipo linayamba kukumbukiridwa m'chaka cha 2004.